Magemu a pa Sikelo

A Mabelo anagulitsa kaunjika kuyambira ali ndi tsitsi lonse mpaka maondo atawakana. Chimene anatola pa ntchitoyo, kupatula dzinalo ndi chifuwa cha fumbi, n'chakuti munthu aliyense amene akukumwetulira pa malonda akufuna kukubera. Ankadziwa bwino zimenezi chifukwa nawonso ankamwetulira.

Belo la zovala sulitsegula usanagule. Umalipira lili chimangire, ndipo ukatuluka nalo pachipata silibwezedwa, ngakhale upezemo njerwa. Eni mabelo amang'amba dala pulasitiki pakona n'kuikapo jekete labwino kuti lizisuzumira. Mlendo pa ntchitoyi amathamangira jeketelo, kukafika kumsika n'kupeza kuti m'kati monse ndi makatani ndi sokosi zopanda zinzake. A Mabelo anapusitsidwa kamodzi kokha, ali mnyamata. Kuchokera pamenepo anagula sikelo ya mbedza, ndipo lamulo lawo linali limodzi: nkhope ya belo imanama, kulemera sikunama. Belo lolemera ndi majinzi ndi majekete. Lopepuka ndi mapitikoti.

Ntchito anasiya, koma sikeloyo inkapachikidwabe kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Shuga akabwera kuchokera kugolosale ankamuyeza. Sopo ankamuyeza. Tsiku lina anayeza mphaka wa aneba pomuganizira kuti ndiye ankamaliza mkaka.

Padziko lonse panali munthu mmodzi yekha amene ankawamwetulira osafuna kuwagulitsa kanthu. Ameneyu anali mdzukulu wawo wamkazi, wobadwa kwa mwana wawo wamwamuna. Ankamutcha Kamphepo chifukwa akalowa m'nyumba zitseko zonse zinkamenyeka. Makolo ake ankagwira ntchito kutali, moti sukulu ikatsekera ankamutumiza kwa agogo. Vuto linali lakuti agogo analipo mbali ziwiri. Mbali inayo kunali asewere awo, bambo a mayi ake a mwanayo, amene anthu ankangowatcha a Tayi chifukwa ngakhale pothirira maluwa ankamanga tayi. A Tayi anali ndi galimoto, anali ndi tivi yaikulu ngati chitseko cha galaja, ndipo ankaseka ndi mano onse ngati wogulitsa inshuwalansi. Tchuthi chapitacho Kamphepo anakhala kwa a Tayi. Cha m'mbuyo mwakenso chimodzimodzi. A Mabelo ankati zilibe kanthu, shuga wawo ndiye ankapumako. Koma bedi la mwanayo ankaliyalabe, n'kumauza akazi awo kuti akungopitikitsa fumbi.

Tsiku lina mwana wawo anaimba foni.

"Ababa, mwanayu afikira kwanu Loweruka. Koma tagwirizana kuti akapanda kukhazikika, agogo ake enawo adzamutenga Lamulungu masana."

"Ndiye ife tasanduka nsapato zoyesa? Ikathina avule?"

"Si choncho, ababa. Ana a masiku ano..."

Kamphepo analanda foniyo. "Agogo, musakwiye. Kungoti kwanuko kumakhala zii ngati pa benchi ya kuchipatala. Koma mverani. Makina a magemu a adadi aja akadali m'kabati mwanu, eti? Ku shopu ya pafupi ndi depoti atsitsa mitengo, akugulitsa magemu m'mitolo. Pali mtolo wina pamwamba pake pali galimoto yofiira. Umenewo, agogo. Wa galimoto yofiira. Musasokoneze."

"Ine kusokoneza mtolo? Iwe, ine ndakalambira pa mitolo."

M'mawa mwake anavala chipewa. Akazi awo, amene anamva zonse ali pa makina awo osokera, anawauza kuti atenge magalasi.

"Nditenga sikelo," anatero a Mabelo.

Shopuyo inali kachipinda kopapatiza, kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Pazenera anamatapo chipepala chofiira chonena kuti mitengo yatsika. Mitengo ya masiku ano ikatsika pazenera ndiye kuti inayamba yakwera kuseri, koma anthu amathamangirabe ngati agawidwa zaulere. Pa kauntala panali mtsikana wa zikhadabo zobiriwira, akutafuna chingamu.

"Takulandirani, agogo," anatero akumwetulira.

A Mabelo anagwira thumba lawo la ndalama.

Mtolo wa galimoto yofiira sunavute kuupeza. Anauika patsogolo penipeni, pomwe nyali inkawalira, utakulungidwa mu pulasitiki yoonekera. Galimotoyo inkasuzumira pamwamba ndendende ngati jekete lija linawaliritsa ali mnyamata. Anatulutsa sikelo, n'kukola mtolowo pa mbedza. Singano inangonjenjemera pang'ono ngati yamva kuzizira.

"Muno muli chiyani, mpweya?"

"Muli magemu asanu, agogo. Awiri ndi zimbale, enawo ndi timakadi ta manambala. Mumalemba nambala pa makina, gemu n'kubwera yokha."

"Kubwera kuchokera kuti?"

Mtsikanayo analoza kudenga ndi chikhadabo chobiriwira.

A Mabelo anayang'ana kudengako. Kunali kangaude basi.

"Ndiye ine ndikupatseni ndalama zenizeni, inu mundipatse manambala? Manambala ndili nawo kunyumba. Ali pa kalendala, sindinalipire."

Anayeza mitolo yonse ya pa shelefu, umodziumodzi, anthu ena ogula akuwapatsa njira. Yonse inali mapitikoti okhaokha. Ali pafupi kutuluka, phazi lawo linagunda katoni imene inali pansi pa shelefu, yomatidwa ndi tepi yakuda, fumbi lili mbuu. Sinasonyeze nkhope iliyonse. Mtengo wolembedwa pambali unali wofanana ndi wa galimoto yofiira. Anaizunguliza chingwe, n'kuikweza. Singano inalumpha mpaka dzanja lawo linatsika.

Mtima wawo unagunda ngati kale, tsiku lofika mabelo atsopano.

"Agogo, katoni imeneyo yakhalitsa," anatero mtsikanayo. "Ine poyamba ntchito ndinaipeza pomwepo. Ngati mukugulira mwana, sangaikonde. Tengani wa galimotowu, ndi umene ana akulimbirana."

Pamenepo a Mabelo anatsimikiza. Pamsika, wogulitsa akayamba kunyoza katundu wake yemwe, dziwani kuti wasungira mlamu wake.

"Mwasungira ndani imeneyi? Chibwenzi?"

"Agogo, chibwenzi changa ndingachipatse imeneyo ndikafuna kuti chithe."

"Lembani risiti."

"Koma dziwani kuti katundu wotsitsidwa mtengo sabwezedwa."

"Mwana iwe, mawu amenewo ndinawayambitsa ndine."

Anatuluka katoni ili paphewa, khosi litapendekeka, akuyenda ngati munthu amene wabera wakuba. M'basi kondakitala anafuna kuti katoniyo ilipire mpando. Anaikhazika pamiyendo mpaka miyendoyo inachita dzanzi.

Belo silitsegulidwa mwachisawawa. Anachotsa nsalu ya patebulo, anasamba m'manja, anaitana akazi awo kuti akhale mboni, ndipo anadula tepiyo mbali zitatu ndi mpeni wa buledi. Kenako anayamba kusankha monga ankachitira kumsika: mulu woyamba, mulu wachiwiri, ndi mulu wa sanza.

Chimbale choyamba chinali ndi chithunzi cha munthu akuweza nsomba. Anachipenda pa kuwala, chinali chosakalika. Mulu woyamba. Chachiwiri chinali cha basi. Mulu woyamba, basi ndi chinthu chachikulu. Panatuluka ziwiri zofanana za mtsikana akupesa hatchi. Panatuluka china chophunzitsa kutayipa. Chomaliza chinali ndi atsikana a tsitsi labuluu atakweza manja m'mwamba, ndipo a Mabelo ataona kuchepa kwa nsalu imene atsikanawo anavala, anachiponya ku sanza. Pansi pa zimbalezo panali mabuku onenepa ofotokoza kaseweredwe, olembedwa m'zilankhulo zimene ngakhale eni ake mwina anazisiya. Pansi penipeni panali chinthu chakuda chopindapinda, cha pulasitiki wochindikala. Atachitambasula chinadzaza theka la pabalaza. Chinali ndi mivi inayi yojambula, wina woloza kutsogolo, wina kumbuyo, ina m'mbali, ndipo kumutu kwake kunatuluka nthambo yaitali ngati mchira wa khoswe.

Kulemera konse kuja kunali kwa mabukuwo ndi chinthu chimenechi.

Akazi awo anayang'ana milu itatuyo pamwamba pa magalasi.

"Galimoto yofiira ija ili mulu uti, abambo?"

"Ili m'kati mwa zimbalezi. Zabwino sizionekera kunja."

"Mwina ili m'mimba mwa hatchiyo."

"Inu simudziwa malonda. Onani ichi. Kapeti! Magemu onsewa, mabuku, kuphatikizapo kapeti. Uja wa manambala akanakupatsani kapeti?"

"Nanga mchirawu?"

"Womangira, kuopa akuba. Azungu amaganiza."

Anakayala kapetiyo pakhomo lolowera, cham'kati. Anaiyala chozondotsa, mivi ili pansi, chifukwa chovala chabwino umachisunga chotembenuza kuti nkhope isathe. Mchira uja anaumanga ku mwendo wa kashelefu koikapo nsapato.

Loweruka zitseko zinamenyeka. Kamphepo anadumpha kapetiyo osaiona n'komwe, anakumbatira agogo ake aakazi, anagwetsa chipewa cha a Mabelo, n'kuthamangira ku tivi, pomwe makina aja anali atapukutidwa kale. Anatenga mulu woyamba, anautembenuza. Anatenga wachiwiri. Nkhope yake inatsika pang'onopang'ono ngati singano ya sikelo ukamachotsa katundu.

"Agogo, galimoto yofiira?"

"Imeneyo inali msampha. Ndakugulira wolemera. Unyamule katoniyo uone."

Mwanayo sanalire, sanadandaule. Anangoti, "Zikomo, agogo," ndi ulemu wa kwa alendo. A Mabelo akanakonda akanawatukwana.

Anayamba ndi gemu ya nsomba. Pa tivi panaoneka madzi ndi kamunthu katakhala m'bwato. Kamphepo anaponya mbedza. Anadikira. Madzi ankangogwedezeka. Akazi a a Mabelo anaphika tiyi, anthu anamwa, makapu anatsukidwa, nsomba osadya.

"Anaiwala kuikamo nsomba," anatero a Mabelo. "Agulitsa madzi okha."

"Ayi, agogo, ndi mmene imakhalira. Umadikira."

"Kudikira ndiye gemuyo?"

"Eya."

"Ndiye ndakhala ndikusewera moyo wanga wonse kuchipatala osadziwa."

Ya basi inayamba bwino, koma a Mabelo sanalole kuti mwanayo athamange. Ankafuna aime pa siteji iliyonse, popeza masiteji onsewo analipiridwa. Kenako anazindikira kuti anthu a m'tiviwo ankakwera basi popanda kondakitala, ndipo anaimirira n'kuyamba kuwakalipira mmodzimmodzi, makamaka mayi wina wa chikwama chachikulu amene anakwera n'kutsika katatu osapereka kanthu. Kamphepo anamwetulira pang'ono, koma kumwetulirako kunathera panjira. Hatchi anaipesa mbali imodzi n'kuisiya. Madzulo a Mabelo akudutsa pakhomo la kuchipinda chake anamumva akunong'oneza pa foni ndi a Tayi.

"Eya, agogo. Mawa masana. Ayi, alibe vuto. Ayesetsa."

Ayesetsa. Mawu amene aphunzitsi ankawalembera iwo asanawauze kuti abwereze kalasi.

Lamulungu masana galimoto inaima panja. A Tayi anatsika atavala tayi ya madontho, nsapato zikuwala ngati zanyambitidwa.

"Odi, asewere! Tabwera kudzakupepuzani katundu."

"Sanatilemere," anayankha a Mabelo osadzuka pampando.

Kamphepo anatuluka kuchipinda chikwama chili kumsana, maso ali pansi. A Tayi analowa, n'kuyamba kupukuta nsapato pa kapeti ija mwaulemu wonse, kwinaku akulankhula.

"Mwana wanga, kunyumba kukukudikira galimoto yofiira. Ndinagula dzulo ku kashopu ka ku depoti. Mtsikana wa kumeneko anandiseketsa, asewere. Akuti kunabwera mkulu wina ndi sikelo ya nyama, n'kuyamba kuyeza magemu ngati..."

Maso awo anagwera pa katoni imene inali pakona, kenako pa sikelo imene a Mabelo anaiwala patebulo. Anatseka pakamwa, mano onse aja n'kulowa m'kati. Pofuna kusintha nkhani anaponya phazi kutsogolo, nsapato inakola mchira wa kapeti, kashelefu ka nsapato kanagwa, a Tayi anakumbatira chitseko, ndipo kapetiyo inatembenuka mivi ili m'mwamba.

Kamphepo anakuwa mpaka mphaka wa aneba anathawa pazenera.

"Agogo! Ichi mwachitenga kuti? Mukupukutira mapazi chimenechi? Chimbale chake chili kuti? Cha atsikana ovina!"

"Chili ku sanza."

Chikwama chinagwa pansi. Mwanayo anamasula mchira uja, anaulowetsa kumbuyo kwa makina, anakankhira tebulo kukhoma. Tivi inaphulika ndi nyimbo ya ng'oma zothamanga ngati anthu akukhoma malata. Mivi inayamba kukwera kuchokera pansi pa tivi, ndipo muvi uliwonse ukafika pamwamba, Kamphepo ankaponda muvi wofanana nawo pa kapeti. Kumanzere, kumanja, kutsogolo, kudumpha. Khamu la anthu la m'tiviyo linkaomba m'manja. Nyimbo itatha mwanayo anali wefuwefu, akuseka ndi nkhope yake yeniyeni.

A Tayi anakonza tayi, n'kuyang'ana wotchi.

"Zabwino kwambiri. Tiyeni tsopano. Kapetiyo tingoipinda tipite nayo, asewere sangaigwiritse ntchito. Pa msinkhu wathuwu, si choncho asewere?"

Chinthu chimene munthu wagula ndi ndalama zake, wina n'kunena kuti sangachigwiritse ntchito! A Mabelo anadzuka. Anavula masilipasi, anapinda buluku mpaka m'maondo.

"Iwe, yatsa."

"Abambo, maondo," anatero akazi awo ali kukhitchini.

"Maondo ndi anga. Yatsa."

Kamphepo anawafotokozera kuti akaphonya mivi yambiri nyimbo imaduka pakati, ndipo wopambana ndi amene wafika nayo kumapeto. A Mabelo sanamvere. Kuponda ankakudziwa. Madzulo alionse pamsika ankalowa m'thumba la zovala zotsala n'kuziponda ndi mapazi onse awiri kuti thumba limangike. Nyimbo itayamba anachita zomwezo. Anadumpha pakati pa kapeti, mapazi pamodzi, manja atagwira m'chiuno, di, di, di, mpaka makapu m'kabati anayamba kuyankha. Mivi inkadutsa osaiyang'ana n'komwe. Khamu la m'tivi linayamba kukuwiza. Nyimbo inaduka isanafike pomwe woimba amayambira, ndipo pa tivi panatuluka mawu akuluakulu ofiira.

"Akuti chiyani?"

Kamphepo anali atagona pansi, akumenya simenti ndi dzanja, misozi ili mbwee.

"Akuti... akuti mwalephera, agogo. Akufunsa ngati muli bwino."

"Makina akuba awa. Ndaponda kuposa iwe. Aliyense wamva."

"Simuponda mwamphamvu, asewere," anatero a Tayi, mano atabwereranso. "Mumaponda mwanzeru. Zimafuna kuwerenga."

"Vulani nsapato muwerenge tione."

A Tayi anakana kawiri, kachitatu anavula. Anaponya tayi paphewa. Iwo mivi ankaiona bwinobwino, koma muvi uliwonse ankayamba aulozera ndi chala, n'kuutchula dzina, n'kuyang'ana pansi kuti aupeze pa kapeti, ndipo phazi likamafika unali utapita kale ndi anzake atatu. "Kumanzere. Pepani. Kumanja. Dikirani kaye." Ankapepesa tivi. Nyimbo inaduka woimba atangotsegula pakamwa.

"Mwafika patali pang'ono kuposa agogo a mabelo," anatero Kamphepo.

"Pang'ono bwanji?"

"Mawu amodzi."

A Tayi anawerama ngati alandira mendulo. A Mabelo anati makinawo awona tayi, ndipo zinthu zonse za masiku ano zimakondera anthu a tayi. Analamula kuti nyimbo iyambenso. Koma amuna awiriwo anayamba kukangana za amene alowe, aliyense atagwira mkono wa mnzake, nyimbo ikupita, kapeti ili yokha. Nthawi yomweyo akazi a a Mabelo anatuluka kukhitchini ndi thireyi ya tiyi. Njira yopita patebulo inadutsa pa kapeti. Anadutsa. Anakumbukira shuga, anabwerera. Anabweranso. Anaiwala masupuni. Anapatuka kumanzere kupewa chikwama cha mwana, anabwerera kumbuyo kupewa chigongono cha a Tayi, anadumpha nthambo. Khamu la m'tivi linaomba m'manja. Nyimbo inadutsa pomwe a Mabelo anagwera, inadutsa pomwe a Tayi anagwera, ndipo inaduka pokhapokha mayiwo atakhala pansi n'kuyamba kuthira tiyi.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa ataona onse ali kukamwa yasa. "Mukufuna mkaka?"

Kamphepo anatenga nthawi kuti apezenso mpweya. A Tayi anavala nsapato mwakachetechete.

"Tiyeni, mwana wanga. Galimoto yofiira ikudikira. Kapetiyo titenge."

A Mabelo anayang'ana kapeti, anayang'ana mwanayo. Akanatha kukana. Kapeti inali yawo, risiti inali m'thumba. Koma mwana womusunga ndi risiti amakhala ngati katundu wa chikole, ndipo amayankha ndi ulemu wa kwa alendo uja.

"Ngati ukuifuna, pinda," anatero akuyang'ana kukhoma. "Mabukuwo utengenso, akundithera malo."

Kamphepo anapukuta misozi ndi mkono.

"Kapeti ngati iyi mnzanga wina ali nayo, agogo. Koma alibe agogo odumpha ngati akupha mphemvu. Ine sindichoka pano mpaka mufike kumapeto kwa nyimbo imeneyi. Ndikuphunzitsani. Mukangofika, ndipita kukaona galimoto yofiira."

Anatola chikwama chake n'kuchibwezera kuchipinda. Chitseko chinamenyeka.

A Mabelo anakhala pansi, n'kumwa tiyi wotentha kuti anthu aziganiza kuti ndi nthunzi imene yawalowa m'maso.

Koma mtolo ndi mtolo, sumabwera ndi chabwino chokha. M'mawa mwake galimoto inaimanso panja. A Tayi anatsika atavala kabudula wa masewera, nsapato za mphira, ndi tayi. Anati angodutsa kudzaona mwana. Anadutsa tsiku limenelo, anadutsa mawa lake, anadutsa tchuthi chonse. Ankavina, ankatuluka thukuta pa mpando wa a Mabelo, ndipo mu tiyi ankathira shuga ngati akukwirira dzenje. A Mabelo anayeza shugayo pa sikelo pamaso pawo. A Tayi anayamikira sikeloyo n'kuthiranso supuni ina.

"Ndimayesa ndagula mdzukulu," a Mabelo anadandaulira akazi awo. "Pansi pa katoni panali asewere."

"Katundu wotsitsidwa mtengo sabwezedwa, abambo."

Vuto lenileni linabwera mwakachetechete. Mapazi a munthu ndi opusa, amaphunzira ngakhale mwini wake asakufuna. Kamphepo ankaima pambali akuwomba m'manja ndi kufuula, "Kumanzere, agogo! Kumanzere kwanu, osati kwanga!" ndipo tsiku ndi tsiku nyimbo inkatalika. Anadutsa pomwe a Tayi ankagwera. Anadutsa pomwe akazi awo anafika ndi thireyi ya tiyi. Masana ena, tchuthi chisanafike n'komwe pakati, a Mabelo anangozindikira kuti khamu la m'tivi likuomba m'manja, maondo asiya kudandaula, ndipo ng'oma zikusonkhana monga zimachitira nyimbo ikamatha. Kamphepo ankadumphadumpha. A Tayi anali ataimirira, makiyi a galimoto akulira m'thumba la kabudula.

Mivi yotsiriza inkakwera. Wa kumanja. A Mabelo anauona bwinobwino, phazi lawo linanyamuka lokha kupita kumanja.

Analibweza, n'kuponda kumanzere. Wotsatira unali wa kutsogolo, anaponda kumbuyo. Kenako anaika manja m'chiuno n'kudumpha pakati, di, di, di, makapu akuyankha m'kabati, mpaka nyimbo inaduka itatsala mpweya umodzi.

"Agogo!" Kamphepo anagwira kumutu. "Munatsala pang'ono chonchi!"

"Makina akuba," anatero a Mabelo akupuma movutika. "Aona kuti ndikupambana, asintha mivi."

"Ndiye mawa tiyambiranso. Sindikusiyani."

"Kaya. Ukakamira ndiwe."

A Tayi anabweza makiyi m'thumba n'kukhala pansi pafupi ndi shuga. Akazi a a Mabelo anabwera ndi thaulo, anawapatsa amuna awo, n'kuwerama ngati akutola ulusi pa kapeti.

"Kumanja ndi kumanzere mwayamba kusokoneza liti, abambo?" ananong'oneza. "Munthu woti simunasokonezepo chenji."

"Khalani chete, inu," anatero a Mabelo nkhope ili m'thaulo. "Tchuthi chikadalipo."